Kabokosi ka m'Thumba la Kachewere

Mayani, Dedza
14 Julaye 1991

Okondedwa achimwene a Yohana,

Ndikhulupirira muli bwino ku Harare. Kuno kukuzizira, nkhungu sikuchoka m'mapiri mpaka dzuwa litakwera. Ndayambiranso kuphunzitsa.

Mukukumbukira tizipangizo tija munawatumizira malemu amuna anga a Rafaelo? Ankapanga kabokosi koyeza mtunda. Kali ndi timaso tiwiri: kena kamatulutsa kaphokoso kosamveka ndi khutu la munthu, kena kamakamva kakabwerera kuchokera kukhoma, monga achitira mleme. Loweruka lililonse ankapita nako kwa a Ackim, okonza mawailesi pa Boma, ine n'kutsala ndi mabuku anga. Anatisiya asanakamalize.

Tsiku logawa katundu wa malemu, a Ackim anapempha akuchimuna kuti, "Kabokosi kaja ndipatseni ndikamalize, tinayambira limodzi." Akuchimunawo atandifunsa ngati m'nyumba mwatsala kanthu, ndinati ayi. Achimwene, ndinanama pamaso pa akuluakulu. Ndinali nditakabisa m'thumba la kachewere.

Chinandichititsa ndi kope limene a Rafaelo ankalembamo za kabokosiko. Ndinaliwerenga lonse. "Funsa Ackim." "Ackim akuti waya wafupika." "Lero taseka ndi Ackim, kayeza mbuzi m'malo mwa khoma." Zaka khumi ndi chimodzi m'banja, dzina langa mulibe ngakhale m'mphepete mwa tsamba. Akanakhala mkazi, bwenzi nditadziwa kokadandaula. Nanga munthu angapite kwa ankhoswe chifukwa cha wokonza wailesi?

Ndiye ndinati ndikamaliza ndekha. Kabuku ka malangizo a tizipangizo tija ndinakawerenga katatu, n'kutenthetsa msomali pambaula kuti ndilumikizire mawaya. Ndinapsereza kadiso kamodzi pamodzi ndi chala changa.

Lamulungu titatuluka mu Misa, a Ackim anandipatsa moni, maso ali pachalacho.

"Alamu, msomali eti? Anzanga aja anapsanso pomwepo tsiku loyamba. Anatukwana mpaka nkhuku zinathawa!"

Anaseka, misozi ili m'maso. Chikwatiwire sindinawamvepo a Rafaelo akutukwana. Ngakhale chimenecho ankasungira a Ackim.

Lachiwiri anabwera kusukulu ndi chitsulo chawo chowotcherera mawaya, atachikulunga m'nyuzipepala. "Pakavuta mundiitane, sindiuza munthu," anatero. Pavuta kale, koma sindinawaitane. Ndikuopa kuti adzakakonza masana amodzi, ine nditaima pambali ndi tiyi ngati kale.

Pempho langa nali: munditumizireko kadiso kena, mulembe dzina langa ndi keyala ya sukulu. Mwina nditenga chaka. Palibe akundithamangitsa.

Moni kwa alamu anga a Anjelina ndi ana onse, muzitikumbukira m'mapemphero. Ndikudziwa kuti a Ackim mumalemberana nawo. Muwathokoze m'malo mwanga chifukwa cha chitsulocho, ine pakamwa pakukana. Muwafunsenso, ngati kuti mukufunsa nokha, kuti a Rafaelo ankanena chiyani za ine Loweruka lonse lija.

Ine mlongo wanu,
Magadalena