Fungo Landithawa, Achimwene

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kwa ine, alamu anu ndi kamtsikana kathu. Kodi muli bwanji kumeneko? Bondo lija linasiya kutupa, kapena mukungokakamira kupalasa njinga ngati mwendowo ndi wobwereka? Nanga amayi akudya bwino? Tsiku lija pafoni mawu awo anali otsika, koma nditafunsa anangoti ndi tulo. Mundiuze inu, poti iwo sanena.

Ife kuno tilipo, wogona pamphasa palibe. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa nkhani imene ndili nayo ndikaiyamba pakamwa ndimalira, ndipo inu mukamva munthu akulira mumafulumira kunena kuti zonse zikhala bwino musanamve n'komwe mutu wake. Ndiye muwerenge mpaka kumapeto.

Msewu wa kuntchito kwathu uja munauona mutabwera, wa mashedi akale uja, lero simungauzindikire. Pamene tinkayamba, ofulula mowa tinali ife tokha, ndipo anthu ankatiseka kuti ndani angasiye mowa wa kampani yaikulu n'kumamwa wofululidwa m'shedi. Panopa shedi yotsekedwa ikangotsegulidwa, umadziwiratu kuti mulowa matanki. Paja ankawotcherera zitsulo pali bala yomwera mowa. Paja ankagulitsa matayala akale palinso ofulula ena, achinyamata ovala zipewa ngakhale m'nyumba. Loweruka masana anthu amayenda khomo ndi khomo, kulawa apa, kulawa apo, kenako n'kumatsutsana ngati akuweruza mlandu. Ena akuthira malalanje mu mowa, ena khofi, wina ndamva kuti wathira tsabola. Makasitomala achuluka, inde, koma achenjeranso. Mowa ukangopotoka pang'ono, kukamacha tauni yonse yadziwa kale pafoni.

Ntchito yanga ambiri amaiona ngati ya manja: kusenza matumba a chimera, kuwiritsa, kutsuka matanki. Koma abwana athu, aja timawatcha a Ndevu, anandikweza chifukwa cha mphuno. Ndikatsegula kampopi ka thanki n'kununkhiza, ndinkadziwa ngati mowa wapsa, ngati ukufunabe masiku, kapena ngati mwalowa choipa. Zoyezera zilipo, koma zimangonena za shuga ndi ukali wa mowa. Zinazo zimafuna munthu.

Mwezi wathawu ndinadwala chimfine chachikulu, chija chophwanya thupi lonse. Ndinagona masiku angapo, chinatha, ndinabwerera kuntchito. M'mawa umenewo ndinang'amba paketi ya hopu, timaluwa touma timene timapatsa mowa kuwawa ndi kafungo kake. Paketi imeneyi ukaitsegula, fungo limakumenya mpaka m'maso ngati wina wakusendera ndimu pankhope. Ine ndinamva zii. Ndinalowetsa mphuno m'paketimo, ndinatikita timaluwato m'manja, zii. Ndinaganiza kuti atigulitsa zakale. Ndinaitana mnzanga amene ndimagwira naye ntchito, timamutcha Wamtali, kuti adzaone chinyengo chimene atichita. Iye asanafike n'komwe pafupi anayetsemula, n'kunena kuti hopu wabwino chonchi chaka chino sanamuone.

Ndinaseka naye, koma ndinadziwa kuti vuto si hopuyo ayi.

Ndinadziuza kuti ndi zotsalira za chimfine, zitha zokha. Lilime linkamvabe mchere, shuga ndi kuwawa, ndiye ndinkati ndikwanitsa. Sabata yomweyo thanki ina inafika pothira m'migolo. Ndinalawa, sindinapeze cholakwika. Ndinamupatsanso Wamtali, koma iye ndi wosuta fodya, ndipo mowa uliwonse ukamufunsa amangoti ukununkha ngati mowa. Ndinavomereza, migolo inapita ku mabala amene amatigula.

Pasanapite nthawi, mayi wina amene ali ndi bala pafupi ndi pokwerera basi, kasitomala wathu woyamba weniweni, anabwera yekha ndi migoloyo kumbuyo kwa galimoto. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anathira mowawo m'tambula n'kuwapatsa a Ndevu. Iwo anangoufikitsa pamphuno n'kuuika pansi, ati ukununkha batala woonongeka. Kenako anandikankhira tambulayo, maso ali pa ine. Achimwene, zinali ngati ndikununkhiza madzi a pampopi.

Ndinawauza pomwepo, pamaso pa mayiyo. Ndinati, "Bwana, ine sindikumva kanthu. Chichokereni chimfine chija, mphuno yanga sikugwira."

Amene anayamba kuyankha ndi mayi uja. Anati iye amatikonda, tinayambira limodzi, koma Loweruka lonse anthu ake akhala akubweza matambula, ndipo anyamata a zipewa aja akhala akumunyengerera kuti aziika mowa wawo pa mipopi yake yothirira mowa. Anati mpopi wina awapatsa iwowo, winawo atisungira kuti aone mowa wotsatira. Ponyamuka anandigwira paphewa.

Mowa wonse wotsala m'thankiyo ndi wa m'migolo yobwezedwa tinautaya m'ngalande. Paipi ndinagwira ndine, ndikuona thovu likupita, ntchito ya milungu yathunthu. Wamtali anakaima panja, ati fungo lamukwana. Ine ndinaima momwemo mpaka thanki inauma.

A Ndevu anandiitanira mu kaofesi kawo kaja kodzaza ndi makatoni a mabotolo. Ndinalowa ndikudziwa kuti yatha. Anakanda ndevuzo, kenako anati chimene chawapweteka si mowa ayi, koma kuti sabata yonse ndinali chete. Anati sandichotsa panopa. Andiika kotsuka matanki ndi kothira m'mabotolo, kulawa azichita okha, ngakhale kuti iwo nthawi zambiri amakhala pamsewu kusaka misika. Koma ananenanso mosapsatira kuti nyengo yotentha ikamayamba, pamene mowa umayenda kwambiri, pafunika munthu wa mphuno, kaya ndine, kaya ndi wina.

Winayo ndamuona kale. Pali bambo wina amene anachoka ku kampani yaikulu, wakhala akubwera tikamaweruka, kukhala pakauntala, kununkhiza tambula nthawi yaitali kuti a Ndevu amuone. Ndi munthu waulemu, amandipatsa moni bwinobwino, ndipo ndamva kuti nayenso ali ndi ana. Sindingamude. Koma akangolowa, ine ndimazembera kuseri kwa matanki.

Chondiwawa china n'chakuti mowa umene tikukonzera nyengo yotenthayo ndinaupeka ndine, ndisanadwale, wopepuka, wa makoko a ndimu. A Ndevu anandilola kuti ndiuwiritse ndekha, poti muyeso wake uli m'mutu mwanga. Uli m'thanki panopa, ukuwira. Ndikaika khutu pachitsulo ndimaumva ukuchita phokoso, koma ngati ukukoma kapena ayi, ndidzamva kwa anthu, ngati mlendo. Ndipo ndi womwewo umene mayi wa bala uja akuudikira.

Za kuntchito zokha ndikanapirira. Chimene chandichititsa mantha zedi chinachitika kunyumba, Lamlungu masana. Alamu anu anali pa ulendo ndi lole. Ndinateleka nyemba pasitovu n'kulowa kubafa kukachapa, kamtsikana kali m'tulo kuchipinda. Madzi anaphwa, nyemba zinapserera, chogwirira cha poto chinayamba kusungunuka, kansalu kopukutira mbale kanagwira moto. Ine ndili kuseri kwa chitseko, ndikuimba nyimbo. Amene anamva utsi ndi aneba a khomo loyang'anizana ndi lathu, mayi wachikulire amene anapuma ntchito ya unamwino. Anamenya chitseko ngati achithyola. Nditatuluka, utsi uli tolo m'khitchini mpaka m'khonde, mwana akutsokomola ali m'tulo. Tinazimitsa, palibe anapsa. Koma mayiwo atandifunsa kuti mwana wanga, utsi wonsewu sunaumve, ndinangokhala pansi pakhondepo n'kuwauza za mphuno yanga.

Chiyambireni tsiku limenelo sindichoka pasitovu poto ali pamoto. Alamu anu anagula kabelu kolira kakamva utsi n'kukakhomerera kudenga. Gasi ndikatseka ndimafika panjira n'kubwereranso kukaona ngati ndatsekadi. Chakudya chogona ndimapita nacho kwa anebawo kuti andinunkhizire ndisanampatse mwana. Ngakhale malaya anga sindiwakhulupirira, ndimasintha kawirikawiri kuopa kuyenda ndi fungo la thukuta osadziwa, anthu n'kumangondithawa m'basi.

Anebawo ndi amene anandikokera kuchipatala. Adokotala anandiunika m'mphuno, anati mulibe chotupa, mulibe chotseka. Anati zimachitika pambuyo pa chimfine chotere, ndipo ambiri fungo limabwerera, ena limabwerera mwatheka, ena ayi. Nditafunsa kuti ine ndili gulu liti, anati sangandinamize, sakudziwa. Piritsi sanandipatse. Anangondiuza kuti m'mawa ndi madzulo ndizinunkhiza zinthu zimene ndimazidziwa bwino, ndikukumbukira m'mutu fungo lake, kuti mphuno iphunzirenso.

Ndiye pawindo pathu pali timabotolo: makoko a ndimu, khofi, adyo, sopo, ndi hopu pang'ono amene a Ndevu anandipatsa. Alamu anu akuti ndikuoneka ngati ndikufuna kuyamba using'anga. Akutinso akale anati fodya ndi uyu ali pamphuno, koma kwa ine ngakhale wapamphunoyo ndi wa mphepo. Amandiseketsa dala, ndikudziwa, chifukwa kangapo ndawapeza akundiyang'ana mwachisoni ndikamadya. Chakudya chilichonse chikungokhala ngati ndikutafuna pepala, ndipo masiketi ayamba kundikulira.

Dzana kunachitika kanthu. Ndikununkhiza khofi ndinamva fungo, loyamba chidwalireni. Koma silinali la khofi, linali ngati la tayala lopsa. Ndinathamangira kwa aneba ndi kabotolo m'manja. Iwo anati nthawi zina ndi mmene zimayambira pobwerera, mphuno ikamadzuka imayamba ndi kusokoneza zinthu. Sindikudziwa ngati akunena zoona kapena akungondilimbitsa mtima. Dzulo ndi lero, ziinso.

Tsono pempho langa ndi ili, achimwene. Pali chinthu chimene chikundizungulira m'mutu. Ndikukumbukira ndili wamng'ono, malemu bambo atachira matenda aja anagona nawo kuchipatala, ankakonda kuwapatsa amayi mkaka kapena nyama kuti anunkhize iwo asanadye. Tsiku lina anapita kuntchito ndi malaya onunkha palafini osadziwa, ife tikuseka kuseri kwa nyumba. Inu munali wamkulu, mwina mukukumbukira bwino kuposa ine. Kodi nawonso fungo linawathawa? Ngati ndi choncho, linabwerera? Patapita nthawi yaitali bwanji? Kapena anapita nazo kumanda osatiuza?

Muwafunse amayi mwanzeru, ngati nkhani yocheza chabe. Musawauze za ine, makamaka za motowo, poti mtima wawo mukuudziwa. Ndikudziwa kuti matenda a bambo si anga, ndipo adokotala anganene kuti sizikugwirizana. Komabe ndikufuna kudziwa. Chimene amayi anene mundiuze mmene chilili, musachikometse. Ngati fungolo silinabwerere, ndiyenera kuyamba kuganiza za ntchito ina nyengo yotentha isanafike. Ndiyeneranso kumva mmene bambo ankachitira kuti akhale ndi vuto lotere n'kumasekabe, poti inu ndi ine sitinawaonepo atakwinya nkhope patebulo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mdzukulu wawo waguluka dzino ndipo akuyankhula ngati mpira wobooka. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi banja lawo, ndi kwa ana anu onse, makamaka wamkuluyo amene akulemba mayeso. Alamu anu akuti njingayo muipumitse, bondo lilibe sipeya. Kwa alamu anga, akazi anu, muwauze kuti ndawanyadira, ndipo asafulumire kugwira ntchito zolemetsa.

Khanda lanu latsopanolo ndangoliona pachithunzi. Mulinyamule, mulinunkhize pamutu m'malo mwanga, poti ngakhale ndikanafika lero lomwe, chimenecho sindikanatha.

Ndidikira yankho lanu.

Ine mlongo wanu,
mzime wa amayi