Lamulo la Chitini cha Mabisiketi

KWA: Amayi anga olemekezeka, Mkulu wa Banja Lonse
KUDZERA KWA: Alongo anga aakulu, amene amawerengera Amayi makalata
KUCHOKERA KWA: Mwana wanu wamwamuna, Mesenjala wa Ofesi
MUTU WA NKHANI: Miyendo ya mdzukulu wanu, komanso pempho limodzi

Okondedwa Amayi,

Ndi ulemu waukulu ndagwira cholembera ichi kuti poyamba ndimve za moyo wanu. Kodi bondo lija likuvutabe? Nanga maso akuona bwino? Ife kuno tonse tili bwino, kupatula msana wanga ndi akatumba anga, zimene ndizifotokoze m'ndime zikubwerazi.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe inu ndi ine tonse tili ndi foni. Chifukwa chake n'chakuti foni yanga pakali pano ili m'chitini cha mabisiketi, chitinicho n'chokhoma ndi loko, ndipo kiyi ali pachingwe m'khosi mwa mpongozi wanu. Amene anakhazikitsa lamuloli ndine ndemwe, choncho ndilibe kokadandaula.

Nkhani inayamba motere. Mdzukulu wanu wamkulu, uja munamutcha Kamphepo chifukwa ali wamng'ono ankathawa kusamba osagwidwa ndi munthu, ali m'gulu la ana othamanga pasukulu pawo. Aphunzitsi a zamasewera anandiitanitsa. Ndinavala tayi poganiza kuti ndikukalandira chiyamikiro. Koma anandiuza kuti mwanayo anasiya kubwera kokonzekera, akathamanga pang'ono amapuma ngati lole yokwera chitunda, ndipo akapanda kuchita bwino pa mpikisano wotsekera teremu amuchotsa m'gululo, malo ake apatse wina. Anafunsa zimene amachita akaweruka. Ndinayankha monyadira kuti amakhala m'nyumba mwaulemu, osasowetsa munthu mtendere. Anafunsanso kuti amakhala atagwira chiyani m'manja. Pamenepo ndinayamba kuyang'ana nsapato zanga.

Amayi, mwanayo anamva zonsezi ataima pakhomo. Titafika kunyumba anakankhira nsapato zake zothamangira kunsi kwa bedi, n'kutenga foni ya amake. Koma ndinaona kuti sakuonera chilichonse, misozi ikungodonthera pagalasi.

Kuofesi kwathu kukagwa vuto mabwana amaitanitsa msonkhano, ndipo woperekera tiyi ndimakhala ine, choncho kayendetsedwe kake ndimakadziwa bwino. Ndinaitanitsa msonkhano wa banja pabalaza, ine wapampando, mpongozi wanu mlembi, ana awiriwo anthu wamba. Ndinayankhula mozama za kuipa kwa foni. Ndinawakumbutsa kuti ife tinakula tikuthamangitsana ndi mbuzi, miyendo ili gwa ngati mitengo. Ndili mkati moyankhula foni yanga inalira m'thumba, ndipo ndinapempha msonkhano kuti udikire kaye. Inali vidiyo ya mbuzi yovina imene munanditumizira inuyo Amayi. Ndinaionera, kenako ndinaibwereza kuti nditsimikize.

Nditabwerera ku mfundo, wamng'ono uja, Kachitsiriza, anakweza mkono kupempha kuti apereke umboni. Anatulutsa pepala m'chikwama. Kusukulu anawauza kuti ajambule makolo awo. Amake anawajambula bwinobwino, ndi mpango womwe, akumwetulira. Ine anandijambula motere: mpando, pampandopo foni yaikulu, kunsi kwa foniyo miyendo iwiri yovala masokosi. Ndinafunsa kuti nanga nkhope ili kuti. Iye anati sakuikumbukira bwino. Mlembi anaseka mpaka kugwetsa cholembera, ndipo ndinalamula kuti kusekako kusalembedwe.

Ngakhale zinali choncho, lamulo linadutsa popanda wotsutsa, lakuti foni za m'nyumba muno zizilowa m'chitini kuyambira poweruka mpaka dzuwa litalowa, ndipo nthawi imeneyo ana azikhala panja akulimbitsa thupi. Ine ndinkadziwa kuti wapampando lamulo silimukhudza, monga zimakhalira kuofesi. Koma mpongozi wanu anangotambasula dzanja. Ndinamuuza kuti ndine munthu wa pantchito, bwana akhoza kundifuna mwadzidzidzi. Iye anati chiyambireni ntchito bwana sanandifunepo nditaweruka, amene amandifuna ndi mbuzi yovina basi. Foni inalowa.

Monga ndinakuuzani kale, nyumba yathu ndi yosanja, ife timakhala pamwamba penipeni, makwerero ndi ambiri. Ndinalamula ana kuti azikwera ndi kutsika, ine n'kuika mpando pakhomo ngati woyang'anira. Ndinkamva mapazi di di di, mtima wanga n'kukhala m'malo. Tsiku lina ndinati ndisuzumire. Ndinapeza onse awiri atakhala phee pamakwerero, akuonera foni ya atelala a chipinda cha m'munsi, uku akuponda mapazi mosinthana kuti ine ndizimva. Nditakalipa, Kamphepo anayankha mwaulemu wonse kuti iwo akuchita zomwe ndikuchita ine, kukhala pansi, kungoti iwo miyendo ikugwedezekako. Mpongozi wanu anangoti make mbuu mwana mbuu, n'kundiikira nsapato zanga pamiyendo.

Apa mpamene msana wanga ukulowera m'nkhani. Zovala zothamangira ndilibe, komanso munthu wa ofesi sayenda mumsewu ngati wosowa kwawo. Choncho ndinavala jekete ndi tayi. Potuluka ndinaona chitini chili patebulo chokhachokha, ndipo mtima sunandilole kuchisiya. Ndinaganiza kuti ngakhale sindingachitsekule, foni ikalira ndiimveko. Ndinachipanira m'khwapa. Ana anandilola kuyamba patsogolo chifukwa cha msinkhu wanga, iwo azindithamangitsa.

Amayi, taganizani zimene anthu a mumsewu wathu anaona. Bambo wa tayi akuthamanga, chitini chokhoma chili m'khwapa, kumbuyo ana awiri akukuwa kuti agwireni, agwireni. Pa nthawi yomweyo inu munaimba, ndipo foni ikalira m'chitini imamveka ngati belu la moto. Mayi wogulitsa nthochi ndi amene anayamba kukuwa kuti wakuba. Wokonza njinga anataya sipanala. Wometa tsitsi anatuluka ndi makina ake m'manja, kasitomala wake akumutsatira, mutu wometedwa mbali imodzi. Ine poona khamu lonselo ndinaganiza kuti kwinakwake kwabuka moto, ndipo ndinawonjezera liwiro.

Anandigwirira pakona, wometa tsitsi atandikoka tayi. Mpweya wofotokozera ndinalibe. Wokonza njinga anali atavula kale nsapato yake. Koma asanaikweze, kamunthu kena kanadutsa pakati pa miyendo ya anthu n'kundikumbatira m'chiuno. Anali Kamphepo. Anayambira kumbuyo kwa onse, koma anapitirira amuna akuluakulu a msewu wonse. Anati, "Asiyeni, ndi bambo anga! Akuphunzira kuthamanga!"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Wometa tsitsi anandikonzera tayi n'kupepesa, kenako anayang'ana mwanayo n'kunena kuti chibadwire sanaonepo miyendo yotero. Ndinaona nkhope ya mdzukulu wanu ikuwala. Madzulo omwewo anatulutsa yekha nsapato zija kunsi kwa bedi. Kuyambira pamenepo timathamanga tonse atatu tsiku lililonse, popanda tayi, popanda chitini. Ndazindikira kuti ine ndikakhala nawonso amakhala, ndikadzuka amadzuka, ndipo zimene ndimayankhula pamsonkhano sazimva n'komwe.

Tsopano za mpikisano. Ndikudziwa kuti munakwiya chifukwa vidiyo ya mpikisanowo imene munalamula sinafike. Mlembi anandipatsa chilolezo chapadera, foni ndinapita nayo kubwalo, ndipo ana akufola pamzere ndinali nditaikweza kale kumaso. Pagalasipo ndinaona Kamphepo akucheukacheuka ngati wataya chinthu. Kenako anachoka pamzere, anabwera pachingwe pamene ndinaima n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ababa, chotsani chimenecho. Ndikufuna ndizikuonani nkhope."

Foni ndinaiponya m'chikwama cha amake. Wezulo italira ndinangozindikira kuti nanenso ndikuthamanga m'mbali mwa chingwe, ndikukuwa dzina lake, mpaka ndinapunthwa pa ndowa ya madzi akumwa a ana n'kugwa chagada. Ndili pansi pomwepo ndinamuona akulowa wachiwiri. Aphunzitsi atsimikiza kuti malo ake sapatsa wina. Kachitsiriza wandijambulanso. Nkhope ilipo tsopano, kukamwa kuli yasa, pambali pake ndowa.

Ndafika pa pempho langa, ndipo ndikulipereka nditagwada, pokumbukira kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Inu Amayi mumaimba masana alionse nthawi yeniyeni yotulukira ana. Chitini chikayamba kunjenjemera patebulo, ana amavula nsapato n'kuyamba kuchonderera amawo kuti ndi agogo. Tikapanda kuyankha mumaimbira atelala kufunsa ngati tamwalira, ndipo iwo amakwera makwerero onse, tepi yoyezera ili m'khosi, kudzationa. Gulu la othamanga lili ndi mpikisano wina teremu ikubwerayi, ndipo aphunzitsi anena kuti Kamphepo akajombanso sadzandiitanitsanso, adzangomuchotsa. Chonde muziimba dzuwa likalowa, tidzacheza mpaka batire lithe.

Alongo, pofika apa musadumphe mzere, werengani mokweza, ndipo pepani kuti ndakuululani. Amayi, ndamva kwa alongowa kuti chikutumizireni foniyo munasiya kuyenda. Anzanu aja a kutsidya kwa msewu mumawaimbira pomwe khomo lawo mukuliona. Kudimba mumatuma ana. Ndamvanso kuti tsiku lina ndiwo zinapserera pamoto inu mukusakasaka mbuzi ina yovina bwino kuposa yoyamba ija. Bondo limene mukudandaula nalo mwina likungofuna ntchito. Nditaganiza mofatsa ndaona kuti mwambi umene mpongozi wanu anandiponyera uja sunayambire pa ine.

Pa chifukwa chimenechi, pamodzi ndi kalatayi ndatumiza loko watsopano, wokulungidwa m'sokosi. Chitini muli nacho, chija mumasungamo mabatani. Kiyi asunge alongo, ndipo asakumvereni chisoni, poti nanenso mpongozi wanu sanandimvere.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, kwa alamu anga, ndi kwa ana onse a alongo. Mpongozi wanu akupereka moni wa mafuta. Adzukulu anu akuti mukadzabwera adzakuyambitsani patsogolo chifukwa cha msinkhu, koma musadzanyamule chitini.

Ndikulumbira pamaso pa Mulungu kuti zonse ndalembazi ndi zoona, sindinawonjezere kapena kuchotsapo, ndipo wofuna umboni akafunse wometa tsitsi.

Ndine mwana wanu womvera nthawi zonse,

Mesenjala wa Ofesi, Wapampando wa Banja,
amene mumsewu muno tsopano akungonditchula kuti Bwana Chitini