Matiresi Anu Apita ku Msonkhano

Bambo a Tabita,

Pepani, mupeza bedi lili matabwa okhaokha. Matiresi aja munasoketsa kwa a Sidik pa Chisepo, oyeza msinkhu wanu, atengedwa. Paja munkauza aliyense kumsika kuti ndalama zoonjezera zija sizinapite pachabe, ndiye a tcheyamani anamva. Akuti mlendo wa chipani wobwera ku msonkhano wa mawa ndi wamtali ngati inu, ndipo m'dera lonse lino mulibe matiresi ena omukwana. Ayufi awiri, anyamata a chipani, awasenza masana ano. Nditafunsa tsiku lobweza, a tcheyamani ati, "Mayi, kodi mphatso imabwerera?"

Ine ndathamangira kokonzekera magule, akuitana maina. Yalani mphasa, koma muyambe mwaikung'untha, muli nsikidzi. Wina akakufunsani, muziti tapereka mokondwa.

Ndine,
Elube