Munthu wa Ababa Akadali Kudziko la Mitambo

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Ife kuno tikudzuka, poti dzuwa la kuchigwa kuno silola munthu kugonereza. Ndine Felisita. Chichokereni inu ndakhala ndikuti ndikulembereni, koma ndikangokhala pansi tulo timandipeza cholembera chili m'manja. Paja munkati mkazi sapuma, amangosintha ntchito. Ine ndinkayesa nthabwala.

Mzime wanu Esinati anachira bwinobwino, ndi mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu, kulira ndi kwa abambo ake. Mapira tinakolola, koma tinagawana ndi mbalame chifukwa panalibe woziingitsa. Kudimba madzi anaphwa mochedwa, ndiye tangookamo mbatata. Ku Bangula ndikupitabe kukapikula milamba, ngakhale msana wayamba kundifunsa mafunso ndikatsika pakabaza.

Koma chimene chandikhazika pansi lero ndi nkhani ya ababa.

Titakuikani, ababa anangokhala pansi pa mtengo wa nimu uja, chakudya n'kumangochiyang'ana. Achimwene a Zuze atabwera kuchokera kuntchito kwawo ku Kapichira, anawasiyira laputopu yakale yokhala ndi gemu ya maroketi. Anati munthu amene wakalambira pa injini za mathirakitala kumunda wa nzimbe sangalephere kuikonda. Sananame. Mu gemumo umalumikiza wekha roketi, thanki apa, injini apo, n'kukwezamo kamunthu, n'kuiulutsa. Ababa anavala magalasi awo omanga ndi ulusi aja, ndipo pasanapite nthawi anali atafika kumwezi n'kubwerako. Anayambanso kudya. Ndinathokoza Mulungu, ngakhale batire ya sola inkatha ine ndisanatchaje foni.

Kenako anakatsitsa kamunthu kawo kudziko lina lokutidwa ndi mitambo, kumene mpweya ndi wolemera ngati phala. Kutera n'kosavuta, akuti mpweyawo umakugwira wokha. Vuto ndi kuchokako. Andifotokozera mpaka ndaloweza, ine wogulitsa nsombane. Mpweyawo umapanikiza kukamwa kwa injini, moto n'kumatuluka wofooka. Ukathamanga, umakumenya pamphumi, roketi n'kutentha kapena kutembenuka. Ukayenda pang'onopang'ono, mafuta amathera panjira. Ukawonjezera mafuta, roketi imalemera, n'kufunanso mafuta ena onyamulira mafutawo. Akuti nzeru yake ndi kutaya chilichonse, miyendo, makwerero, mathanki otha, n'kukwera chilili osapendekeka mpaka utabowola mitambo. Roketi ikagwa, gemu imalola kubwerera poyambira, kamunthu kakufa kaja n'kukhalanso moyo. Tsiku loyamba kuona zimenezo ndinatuluka panja kukalira, chifukwa kwa inu batani lotero kunalibe.

Mowa wa sadaka yanu utatha, atsibweni, alongo anu a Bizeki, anaitanitsa mbumba. Anati nthawi yakwana yowasudzula ababa, awapatse katundu wawo, awaperekeze kwawo ku Mbenje. Anati mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Amayi, mame ake ati okhala pamudzi mpaka kuona zidzukulu? Koma sindinanene kanthu. Ndinali ndi mantha, ndinalinso wotopa, ndipo azakhali onse ankangogwedeza mitu kuti mwambo ndi mwambo.

Ababa sanatsutse. Anavula chipewa n'kunena mwaulemu: "Ndamva, alamu. Koma ndili ndi munthu wanga amene ndinamusiya kudziko lina, ndipo kwathu kulibe sola. Ndikamutulutsa ndinyamuka. Ntchito sindinaisiyepo pakati."

Anthu anaseka, ena anamva chisoni poganiza kuti maliro awazunguza mutu. Atsibweni anasekanso, n'kuvomera pamaso pa onse kuti adikira, poyesa kuti ndi nkhani ya sabata imodzi.

Dzinja linatha, masika anatha. Atsibweni akadutsa amafunsa ngati munthu uja watuluka, ababa n'kuyankha m'Chisena chawo kuti nkhabe, penu mangwana, kutanthauza kuti ayi, mwina mawa. Mangwana akewo safika. Ine ndiye ndakhala pakati ngati mtondo, uku akusinja atsibweni, uku akusinja amayi a kutchalitchi ofunsa chifukwa chimene ababa, mkulu wampingo, akuseweretsa zidole. Tsiku lina ndinawakalipira ababa kuti amalize zamasewerazo tione chochita. Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kubwerera ku roketi yawo.

Atsibweni atatopa, anaimbira foni achimwene a Zuze kuti abwere adzathandize abambo awo kutulutsa munthuyo. Anabweradi, anakhala nawo Loweruka lonse pakhonde. Powaperekeza kusiteji ndinawafunsa ngati akonza. Anati panalibe chokonza. Roketi ya ababa anaikopera, n'kuiyesa palaputopu yawo, ndipo inatuluka m'mitambo ulendo woyamba, mafuta n'kutsalako. Anati ndi yabwino kuposa imene iwo akanamanga. Minibasi inafika, anakwera, n'kundisiya ndi mawu amenewo.

Lamulungu lapitali, titaweruka kutchalitchi, ndinakhala kumbuyo kwawo ndi lichero ngati ndikusankha nyemba. Sindinkasankha kanthu, Amayi, ndinkaonerera. Roketi inanyamuka mwaulesi, ikunjenjemera. Inataya miyendo. Inataya thanki yoyamba, yachiwiri. Dzanja la ababa silinagwedere ngakhale pang'ono. Mitambo inayamba kupyapyala, kumwamba kunada, nyenyezi zinaoneka. Anaipendeketsa bwinobwino monga ankanenera. Kamzere ka mafuta kanali kakadalipo, ndinakaona ndi maso angawa. Mtima wanga unagunda ngati kamunthuko ndi m'bale wanga.

Pamenepo ababa anatambasula chala n'kuzimitsa injini.

Anakhala manja ali pamaondo, kuonerera roketi ikubwerera m'mitambo mpaka inayaka. Atatembenuka anapeza ndikuwayang'ana, ndipo anadziwa kuti ndaona. Sanachite manyazi. Anangooneka okalamba kwambiri.

"Usawauze atsibweni ako," anatero. "Ku Mbenje ndikafikira pakhomo pa yani, mwananga? Ondidziwa onse anapita, mudzi wathu madzi anautenga. Manda amene ndimafuna kusesa ali kuno."

Ndinatola nyemba zimene zinatayika, n'kukawatungira madzi akumwa. Chimene chikundipweteka n'chakuti miyezi yonseyi munthu wamkulu wakhala akudzisandutsa choseketsa cha mudzi, kugwetsa dala chinthu chimene anachimanga bwino, chifukwa mwa ana ake onse panalibe amene anaimirira kunena kuti ababa sachoka.

Ndatopa, Amayi. Ndatopa ndi msika, ndi dzuwa, ndi kukhala wamkulu pakhomo pamene ndinazolowera kukhala mwana. Koma nyumbayi ndi dimba munasiyira ine, ndipo atsibweni akudziwa zimenezo. Loweruka ndigwira nkhuku, ndipita kwa atsibweniwo ndi Esinati, ndikagwada monga munatiphunzitsira. Ndikawauza kuti mwambo sindikuukana. Awasudzule ababa ngati amuna anu, zimenezo ndi za mbumba. Koma ngati bambo anga palibe angawasudzule, ndipo agona m'nyumba mwanga mpaka tsiku limene tidzawanyamule kudzawaika pafupi nanu. Mwina atsibweni adzandikalipira, mwina sadzapondanso pakhomo pano. Mukudziwa m'mene mawu anga amathawira ndikaima pamaso pawo, ndiye mukaime nane.

Ababa sindinawauze kanthu. Ndikulemba pano ali pakhonde, akuithira mafuta roketi yawo kuti aigwetsenso. Ndikulonjeza kuti ndikabwerako Loweruka ndidzakhala pambali pawo, ndidzawauza kuti ulendo uno injini asazimitse.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Mwana wanu,
Felisita