Mapazi a pa Phulusa

Lachiwiri, 18 Juni

Si nkhandwe. Anene mudzi wonse, anene ndi a imamu omwe, koma chimene madokotala achotsa m'chiwindi cha mlamu wanga Itto sichinatsike kuphiri. Ndi thumba lamadzi, ndipo mwini wake ndi kanyongolotsi kokhala m'matumbo a galu. Galu achita chimbudzi m'dimba, timazira titsalira pa masamba, nkhosa kapena munthu ameza, thumba liyamba kukula mwakachetechete zaka ndi zaka. Galu adya chiwindi kapena mapapo a nkhosa yotereyo, basi, zayambiranso. Nkhandwe nayo imanyamula, sindikukana. Koma nkhandwe yanji yosiya phiri lonse kudzadzithandiza pa letesi wathu?

Achimwene Assou ndawafotokozera. Akuti, "Dokotala watheka wayambapo." Theka lomwelo ndi limene linawauza kuti akamujambulitse mkazi wawo, pamene iwo ankangomumwetsa uchi.

Lachitatu, 19 Juni

Dzana, pa Idi, chikondwerero cha nsembe, ndinaona ndi maso anga. Haddou wopha nyama, posenda nkhosa za anthu, mapapo amatuza ankangoponyera kumbuyo, chigalu chake chachikasu n'kumawakha. Lero wandipatsa moni wautali, za Itto wafunsa kawiri. Chifundo chimenechi wachigula liti?

M'dimba ndapezanso ndowe, zili ndi ubweya wa nkhosa. Achimwene akuti ndi umboni wa nkhandwe. Sabata ya Idi, ndani sanadye nkhosa? Mapazi ndiwo akanatiuza. La nkhandwe ndi lowonda, zala ziwiri zapakati zolumikizana kumbuyo. La galu ndi lobulungira, lotambasuka. Koma nthaka yauma gwa.

Lachinayi, 20 Juni

Wondimvera pakhomo pano ndi galu wanga Izem yekha. Chimuwombolereni mu msampha umene unamudula chala, sanadyepo chachiwisi m'manja mwanga, ndipo amagona womangidwa. Agalu onse akanaleredwa chonchi, bwenzi Itto alibe chipsera.

Lachisanu, 21 Juni

Atatuluka ku mzikiti, amuna anakhala pansi pa mtengo waukulu kupangana zokasaka nkhandwe. Ndinapita. Ena anayang'ana kumbali ngati ndabwera wopanda mpango. Ndinawauza kuti asataye zipolopolo kuphiri, ndiwapezera ine chimene chimalowa m'dimbacho, koma achimwene alumbire kuti achiwombera. Analumbira, dzanja pachifuwa.

Haddou anandifunsa, "Ngakhale chikhale cha yani, mwana wa Bassou?"

"Cha aliyense," ndinatero, ndikumuyang'ana m'maso.

Anaseka, nati maphunziro ndi abwino ndithu, ngakhale osamaliza. Kuseka kwakeko sikunandisangalatse. Munthu amene galu wake watsala pang'ono kufa saseka choncho. Kapena akufuna kukamubisa kwa m'bale wake.

Loweruka, 22 Juni

Chigalu chachikasu chilipo, chagona pakhomo pa Haddou poyera. Akundiyesa.

Ndinafunsa amayi kumene anakwirira mapapo a nkhosa yathu, poti nawonso anali ndi matuza awiri ndipo ndinanena kuti dzenje likhale lakuya. Akuti anasamala. Ndati pati? Akuti ndisawafunse ngati wapolisi, ndithire tiyi.

Masana ndinawamva akucheza ndi a Yamna a khomo loyandikana, pamwamba pa mpanda. Akuti nyama ya nsembe saikwirira cholengedwa chili ndi njala pakhomo, amayi awo sankatero. A Yamna akuti ndi zoona, ndipo chiweto chokhalira pachingwe chimakanena kwa Mulungu. Atandiona anayamba za mtengo wa shuga.

Mfundo ya pa chingwe cha Izem si yanga. Ine ndimamanga kawiri.

Dzuwa litapendeka ndasefa phulusa la mu uvuni, ndawaza m'mizere yonse ya letesi mpaka pampata wa kumpanda. Sindinauze munthu.

Lamlungu, 23 Juni

Itto akutuluka m'chipatala mawa. Achimwene ali pabwalo, akupukuta mfuti, ndipo aitana kale kawiri kufunsa chimene ndapeza m'dimba. Amayi sanatuluke m'chipinda chithereni swala, pemphero la m'mawa.

Mapazi alipo, ooneka bwino ngati chidindo. Obulungira. Alowera pampata, azungulira letesi, abwerera kukhomo kwathu.

Lakutsogolo lakumanzere lili ndi zala zitatu.