Magemu amene mpingo unawotcha atulukira pamaliro a mlongo wanga

Aphungu,

Dzina lake ndi Kapambwe. Ndi mlamu wanga, mwamuna wa malemu mlongo wanga Justina, komanso mkulu wa mpingo kuno ku Chawama, mumzinda wa Lusaka. Ndayamba ndi dzina lake chifukwa lakhala litanditsamwa pakhosi zaka zoposa makumi awiri. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho mundipirire ndikamazungulira. Zimene ndaona mwezi wathawu sindinazimvetse mpaka lero.

Bambo anga anachokera ku Dedza kudzafuna ntchito, ine ndinabadwira kuno. Ndinali dalaivala pakampani ina ya boma mpaka pamene boma linayamba kugulitsa makampani, ife n'kutiuza kuti tizipita kunyumba. Bwana wina wakunja amene ndinkamuyendetsa anali kubwerera kwawo, ndipo anandigulitsa makina a magemu, aja olumikiza ku TV, pamodzi ndi makaseti ake odzaza makatoni. Anati anawaitanitsa kuti azigulitsa koma zinthu zinamutembenukira. Ambiri anali asanatsegulidwe n'komwe, ali m'pulasitiki yawo.

Ndinamanga kantemba, kasitolo ka malata, pafupi ndi msika, ndinaikamo ma TV awiri ndi mabenchi. Ana akaweruka kusukulu ankadzaza mpaka pakhomo, phokoso lokhalokha. Anzanga amene tinachotsedwa limodzi ankagulitsa mipando ya m'nyumba kuti adye, koma kwathu ana anga sanabwezedwepo kusukulu. Mkazi wanga Elesi anadontheza penti wofiira wa zikhadabo kunsi kwa kaseti iliyonse ndi katoni iliyonse, kuopa kuti akamberembere angatisinthire ndi zachinyengo.

Kenaka mu 1997 kunabuka mphekesera za usatana. Aliyense amene zinthu zinkamuyendera ankamulozera chala. Tsiku lina mtsikana wina dzina lake Mwiche anagwa m'kantemba mwanga akuonerera anzake, thovu kukamwa. Amayi ake ankadziwa bwino kuti mwanayo ali ndi khunyu kuyambira ali wakhanda, koma anatseka pakamwa. Lamulungu lotsatira Kapambwe anaimirira m'tchalitchi, ine ndili pabenchi ya kumbuyo kwake, n'kunena kuti: "Abale, nilibe mtendere. Njoka ili mu banja yanga. Vimakina va mlamu wanga vikumwa magazi ya bana bathu."

Aphungu, munthu ameneyu ankadya kwanga. Suti imene anavala pa ukwati wake ndi Justina inali yanga.

Akulu a mpingo anagamula kuti makinawo awotchedwe. Ndinakana, koma miyala itayamba kugwa padenga ndipo Elesi akungolira, ndinagonja. Loweruka Kapambwe anabwera ndi wilibala, natuta zonse, ati akazipempherere kaye kwake zisanapse. Lamulungu masana anabweretsa matumba omanga ndi waya pabwalo la tchalitchi. Mkulu wina atafuna kusuzumiramo, Kapambwe anakuwa: "Osamasula! Vingatuluke vilowe muli imwe!" Anthu onse anabwerera m'mbuyo. Anathira parafini. Utsi wakuda unakwera, fungo la pulasitiki linadzaza ponseponse, amayi akuimba. Ena mpaka lero amalumbira kuti anamva mawu akulira m'motomo. Ine ndinaima pomwepo, chipewa m'manja, kuonerera chuma changa chikusanduka phulusa.

Ndinkayesa kuti moto uthetsa nkhani. Ayi. Anafuna kuti ndiulule pamaso pa mpingo kuti ndinapangana ndi Satana, ndipo nditakana kuvomera chinthu chimene sindinachite, anandidula ku mgonero. Mpaka pano ndine wodulidwa. Ana ankandikuwiza mumsewu kuti "Satana wa magemu". Tomato wa Elesi ankavunda patebulo popanda wogula. Elesi anamwalira ndi dzina limenelo, ndipo pamaliro ake amayi a mpingo anabwera ochepa, n'kukana kudya chakudya chathu. Ine ndinathera ku ulonda mpaka maso atayamba kuchita khungu.

Mwezi watha Justina anatisiya. Ngakhale kuti phazi langa linali lisanapondenso pakhomo la Kapambwe, mlongo ndi mlongo, ndinapita. Mukudziwa mwambo wathu, kuti pamaliro timatulutsa katundu m'nyumba kuti amayi apeze pokhala. Popeza anali mkazi wa mkulu wa mpingo, anthu anachuluka, pabalaza panachepa, ndiye achinyamata anathyola loko wa kachipinda ka kuseri kuti atulutsenso za m'menemo. Ine ndinali nditakhala pampando pafupi ndi khomo. Katoni ina inabooka kunsi, zinthu n'kumwazikira pamapazi anga.

Ndinatola chimodzi. Inali kaseti ya gemu. Ndinaitembenuza, ndinaiyandikiza kumaso. Kadontho kofiira ka Elesi kali pomwepo.

Aphungu, sindinafuule. Makatoni anapitirira kutuluka, onse, ngakhale aja osatsegula, oyera ngati agulidwa dzulo. Ndinayang'ana Kapambwe, iye anayang'ana pansi. Ndinati: "Alamu, nanga tsiku lija munawotcha chiyani?" Anandiyandikira n'kunong'ona kuti: "Pano ni pa malilo, mulamu. Tizakamba." Mwana wake Edmond anaphimba makatoniwo ndi chitenje n'kuwabwezera m'kachipinda muja anthu asanazindikire. Amene anaona ndi ine ndi mayi mmodzi wokalamba, mai Chalwe, amene analipo tsiku la moto. Iwo anangogwira pakamwa.

Titaika maliro, Edmond anabwera kwanga ndi shuga ndi buledi. Ndi bambo wa ana atatu tsopano, amakonza mafoni m'tauni. Anatulutsa foni n'kundionetsa zithunzi za anthu akunja amene adzaza zipinda ndi magemu akalewa. Ati sasewera n'komwe, amangowaika pamashelefu n'kumawayang'ana. Anati: "Ba malume, ivi ni golide. Vija vosasegula vingagule ploti. Chaka na chaka mtengo ukwela chabe. Napeza kale wogula. Tigulise vina, vina tisunge vikwele, tigabane pakati. Koma vakale tisakambe, badadi ni odwala shuga."

Ndinamufunsa funso lomwe lija, kuti m'matumba muja munali chiyani. Anaseka, Aphungu. Anaseka! Anati: "Badadi bakuti yanali mapatapata na mawailesi yakufa."

Mapatapata. Mpingo wonse unaimbira nyimbo mapatapata. Elesi anafa wamanyazi chifukwa cha mapatapata.

Tsono ndithandizeni. Kodi n'zoona kuti zidole za ana, zimene zinandisandutsa mfiti, lero anthu ophunzira akuzilimbirana ndi ndalama zambiri? Kodi n'zoona kuti mtengo uzingokwera, kapena mwanayu akundinamiza monga anachitira bambo ake? Mwana wanga wamkazi Tiwo akuti ndilandire, denga likudontha ndipo maso anga akufuna opaleshoni. Sakunama. Koma ndikalandira ndiye kuti ndavomera kutseka pakamwa.

Ine ndakalamba, masiku anga ndi ochepa. Chimene ndikufuna ndisanafe ndi chimodzi. Kapambwe aimirire pamalo omwe aja anaimirira m'tchalitchi, katoni m'manja, anene ndi pakamwa pake kuti ine ndi Elesi sitinali a Satana, kuti tsiku langa likadzafika mpingo udzandiimbire ngati Mkhristu.

D.C.P., Chawama, Lusaka

*

Bambo D.C.P.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko ndinachita kuima n'kuyendayenda. Makalata a chinyengo cha pachibale ndimalandira ambiri, koma mpingo wathunthu kuzinga moto wa mapatapata, popanda ndi mmodzi yemwe wolimba mtima kumasula thumba, sindinamvepo. Pepani chifukwa cha mai Elesi ndi mlongo wanu. Munalakwiridwa, ndipo zimene mukupempha si zambiri.

Ndiyambe ndi funso la mtengo. Edmond sakunama kotheratu. Alipodi anthu, makamaka kunja, amene amasonkhanitsa makina ndi makaseti a magemu akale, ambiri mwa iwo ndi aja anasewera ali ana ndipo lero ali pantchito. Zimene amafuna kwambiri ndi zenizeni za kufakitale, zokhala m'bokosi lake, makamaka zosatsegulidwa. Koma si kaseti iliyonse imene ili golide. Ena mwa magemuwo anapangidwa ochuluka zedi moti mtengo wake ndi wamba, ndipo aja ankaseweredwa tsiku ndi tsiku m'kantemba sangafanane ndi aja ali m'pulasitiki. Mtengo umene munthu walemba pa intaneti ndi umene akulakalaka, osati umene walandira. Ndipo zoti mtengo uzingokwera chaka ndi chaka palibe angakulonjezeni. Umakwera, umatsikanso. Nkhani ya puloti ija muiike kaye pambali mpaka wina wosakhala Edmond ataona katunduyo.

Tsopano mvetserani bwino. Musapite kukatuta makatoniwo nokha, ngakhale ndi anu. Mlongo wanu wangomwalira kumene, ndipo m'bale wa malemu akatuluka ndi katundu m'nyumba ya wamasiye, anthu amati akulanda chuma cha masiye. Mudzapeza kuti mwalandira dzina lachiwiri loipa musanachotse loyamba, mwinanso apolisi ali pakhomo.

Yambani ndi mai Chalwe. Pitani mukawaone sabata ino, muwapemphe kuti akanene zimene anaona. Kenaka mutengane ndi Tiwo kupita kwa abusa. Ndikukhulupirira kuti amene alipo lero si aja a 1997, choncho alibe manyazi oti ateteze. Musakayambe ndi mawu akuti wakuba. Kafotokozeni monga mwandifotokozera ine, ndipo mukapemphe kuti abusa ndi akulu awiri apite nanu kwa a Kapambwe akaone makatoniwo ndi maso awo. Tiwo akajambule zonse ndi foni, timadontho tofiira tija tikaoneke. Ngati amayi ake a Mwiche ali moyo, kapena Mwiche mwini wakeyo, nawonso ali ndi mawu oti anene.

Pali funso lina limene simunafunse. Wakuba amagulitsa, nanga bwanji awa anasunga zaka zonsezi? Mwina anaopa chifukwa Chawama yense ankawadziwa makinawo. Mwina mlongo wanu ndiye anakaniza, akuyembekeza tsiku loti akubwezereni. Sindikudziwa, ndipo inunso simudziwa. Kawafunseni pamaso pa abusa, modekha, pakuti ndi munthu wodwala amene waika mkazi wake posachedwa. Kudekha sikutanthauza kusiya nkhani.

Ndikuuzeninso mosabisa kuti pakamwa pa munthu simungapatsegule ndi chitsulo. A Kapambwe akhoza kukana kuimirira. Koma amene anakudulani si iwo okha, ndi bwalo la akulu a mpingo, ndipo bwalo lomwelo likaona umboni lingathe kulengeza pa guwa kuti linalakwitsa n'kukubwezerani ku mgonero. Mukapemphe zimenezo momveka, ndipo dzina la mai Elesi likatchulidwe.

Za denga ndi maso, Tiwo akunena zoona, musamuone ngati wogulitsa ulemu wanu. Katunduyo ndi wanu yense, osati theka. Akabwerera m'manja mwanu musatsegule zosatsegulazo, musataye mabokosi, musalumikize makinawo ku magetsi kuti muyese, ndipo muwaike pamwamba pouma, poti mukudziwa mmene madzi amalowera m'nyumba ku Chawama dzinja likafika. Funsani ogula angapo. Wogula amene akufuna kuti mutumize katundu kaye, kapena mulipire kanthu kaye, ndi tsizinamtole. Mukafuna kumupatsa Edmond kenakake chifukwa cha thandizo lake, chikhale chochokera mumtima mwanu, osati mtengo wotsekera pakamwa.

Chenjezo langa ndi ili: fulumirani, ndipo musalandire ngakhale ngwee imodzi kwa Edmond abusa asanaone makatoniwo. Iye wakuuzani yekha kuti wapeza kale wogula, ndipo kiyi wa kachipindako sali m'thumba mwanu. Makatoni amenewo ndiwo mboni yanu yaikulu. Akangokwera ndege, mudzatsala ndi mawu anu okha pamaso pa mpingo umene sunakukhulupirireni ngakhale tsiku limodzi. Pitani kwa abusa Lamulungu lisanafike.

Phungu wanu