Nyemba Zimene Munandisungira

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumene muliko?

Ndine Felesiya, mwana wanu woyamba, uja munkati makutu ake ndi okongoletsa mutu basi. Kuno tilipo. Dzinja lachiwiri chichokereni inu latha, chimanga tayika m'nkhokwe, ndipo ndati ndikhale pansi ndikuuzeni za kuno. Ndakhala ndikuzengereza chifukwa pali nkhani imene ndimachita nayo manyazi, koma ndiyambe ndi zabwino.

Lusiya, chitsirizira wanu, anabereka mwana wamkazi ku chipatala cha ku Mitundu, ndipo tinamutcha Esitere, dzina lanu. Watengera chipumi chanu, komanso akakwiya amakunga nkhope monga munkachitira inu mukapeza mbuzi m'dimba. Achimwene a Yohane ayamba kulima fodya wa bale, poti masiku ano aloleza ndi ife a m'midzi. Chigafa chawo choyamba chinagwa ndi mphepo ya mu Febuluwale chifukwa anakumba mayenje osaya, ndipo mukanakhalapo mukanawauza kuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, osati kuthamangira zimene anzako anaphunzira zaka. Ana anga onse atatu ali pa sukulu tsopano popeza ndi yaulere, ngakhale wamng'ono amaphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Za matipate sindinena zambiri. Anthu akulankhula zonse zimene ankameza kale, mpaka pa chigayo sipakomanso kukhala. Denga la nyumba yanu likudontha mbali ya kukhomo, tifolera mwezi wa mawa.

Tsopano nkhani ija. Ndi ya mtsuko wanu wa nyemba, uja munkasunga kunsi kwa bedi, wothira phulusa la zitsononkho n'kumata pakamwa ndi dothi kuti anankafumbwe asalowe. Munali mbewu imene munalandira kwa agogo pamene munkachoka ku Nkhoma: nanyati, kayera, kaulesi, chimbamba ndi zina, zonse zosakaniza. Ndili mtsikana ndinkakusekani kuti nyemba zanu zili ngati mikanda ya mwana, bwanji osasankha zofanana ngati za pamsika. Munkandiyankha kuti, "Mvula sinena za mawa. Ina ikagona, ina idzuka." Ndipo pakati pa zonsezo panali kanyemba kakang'ono kachikasu, ka diso lakuda, kamene munkakatcha kafulumira chifukwa kankacha mu Febuluwale, nthawi imene m'nkhokwe mwatha ndipo chimanga chikadali ngaiyaye. Chaka cha chilala chachikulu chija ndi kameneka kanatisunga ndi moyo.

Amayi, mbewu imeneyo tinadya pa maliro anu.

Anthu anabwera ambiri, kuchokera ku Diamphwe, ku Nkhoma, ngakhale matenanti a ku esiteti amene munkawagawira nkhwani. Tsiku lachiwiri ndiwo zinatha. Ine ndinali m'nyumba ya siwa, pafupi ndi bokosi lanu. Mng'ono wanu, amayi aang'ono a ku Nathenje, ndiwo ankayang'anira zophika. Ndinawaona akulowa kuchipinda kwanu n'kutuluka atanyamula mtsuko uja. Ndinawaona ndi maso angawa, ndipo ndinafuna kuwaletsa. Koma mukudziwa mwambo wathu. Namfedwa salankhula za chakudya, ndipo mwana woletsa ndiwo pa maliro a mayi ake, mudzi umamunena mpaka tsiku lake lomwe. Ndinaopa pakamwa pa anthu, ndinakhala chete. Masana anandibweretsera mbale n'kundikakamiza kuti ndidye. Msuzi unkamveka phulusa pang'ono, ndipo pamphepete pa mbale ndinaona tinyemba tachikasu. Ndinadya ndikulira, anthu n'kumati ndikulira maliro okha.

Mvula itayandikira ndinayenda khomo ndi khomo kufunsa. Palibe anali nazo. Ena anadya mbewu zawo chaka cha chilala, komanso, ndinene zoona, inu munali wowolowa manja pa chophika koma wouma manja pa mbewu. Ndinagula nyemba zofiira zikuluzikulu pa msika wa Mitundu, za mtundu umodzi, zokongola ngati zimene ndinkasirira kale. Mvula inadula mu Januwale ndipo maluwa onse anayoyoka tsiku limodzi. Febuluwale ameneyo tinkadya kamodzi, Lusiya ali ndi pakati. Usiku ndi usana ndinkangoganiza za mtsuko, ndipo amayi aang'ono sindinawayendere chaka chathunthu, ngakhale mlandu unali wanga.

Chimene chinandipulumutsa ndi buku lanu la nyimbo. Ndinalitenga kuti ndipite nalo ku tchalitchi, ndipo munagwa kapepala kopinda, kolembedwa dzina lanu, mudzi wathu ndi nambala. Pomwepo ndinakumbukira alendo aja a ku koleji.

Mukuwakumbukira? Anabwera anayi pa galimoto yoyera, chilala chitangotha, zipani zisanaloledwe. Anati akuchita kafukufuku, onse pa nkhani imodzi ya nyemba, koma aliyense ndi diso lake. Panali dokotala amene ankayeza mikono ya ana ndi kachingwe n'kufunsa zimene adya dzulo. Panali bambo wa zomangamanga amene anakhala pafupi ndi mafuwa anu ndi wotchi, kuyeza nkhuni pa sikelo kuti adziwe nyemba zimapsa nthawi yotani, ati akufuna kupanga mbaula yosadya nkhuni. Inu munati munthu wamkulu ndithu, wa tayi, kudikirira mphika ngati mwana wanjala. Panali wina wa kawailesi kojambula mawu, amene ankasonkhanitsa mayina a mbewu ndi nyimbo za pamtondo. Ameneyo ndiye munamuopa. Munandikokera kuseri n'kundinong'oneza kuti, "Mawu akalowa m'kabokosimo akatulukira kwa yani?" Masiku amenewo mantha anu anali ndi chifukwa. Ndipo panali mayi wa za mbewu, wamfupi, wa nsapato zamphira, amene ankafunsa mosalekeza mpaka munamutcha a Namafunso. Anabwera kanayi konse musanavomere kuwapatsa nyemba zodzaza manja awiri. Tsiku limenelo ine ndinali ku chigayo.

Ndinanyamuka m'mawa wapansi ndi kapepala kaja m'chitenje, kulunjika kuphiri kumene kuli koleji. Njira yonse ndinkadzinyoza ndekha kuti anthu ophunzira angasunge nyemba za nkhalamba zaka zonsezi, mwina anaphika tsiku lomwelo. Pa geti alonda anandiyang'ana kuyambira kumapazi, koma ataona nambala anandilozera nyumba yaitali ya malata. Ndinadikira pakhonde mpaka dzuwa kufika pamutu. Kenako anatulukira a Namafunso, nsapato zamphira zomwe zija, matope mpaka m'mawondo.

Nditatchula dzina lanu anaseka. "Mayi aja anandifunsa ngati ndili ndi munda wangawanga, kapena ndimangolima pa pepala? Ali bwanji?"

Nditawauza kuti munatisiya, anavula chipewa n'kukhala pansi pa khonde pomwepo, pafupi ndi ine. Anangoti, "Pepani, amayi. Tiyeni mukaone chuma chawo."

Anandilowetsa m'chipinda chozizira ngati Juni wa ku Dedza, mashelefu mpaka kudenga, mabotolo ndi timaenvulopu tochokera m'midzi yambiri. Anatsitsa bokosi la nambala yanu. Amayi, nyemba zanu anazilekanitsa. Mtundu uliwonse m'kaenvulopu kake, zisanu ndi zinayi, ngati ana a mimba imodzi amene awagawa kwa achibale. Ndinati mukanaona mukanawalalatira. Iwo anati ankafuna kudziwa khalidwe la iliyonse payokha, iti imapirira dzuwa, iti imagwa ndi matenda, kenako n'kuzisakanizanso kuti amvetse chimene inu munkadziwa kale. Anati amazibzala kuseri kwa koleji kuti mbewu isafe, ndipo akuphunzirabe. M'bokosi lomwelo munali mapepala a anzawo aja, a mikono ya adzukulu anu ndi a nkhuni zanu. Sindinkadziwa kuti khomo lathu lili ndi bokosi lake ku yunivesite.

Ndinatsegula timaenvulopu timodzitimodzi. Nanyati analipo. Kayera, kaulesi, chimbamba, ngakhale kakuda kaja munkati n'ka odwala. Ndinafika pa komaliza, ndinabwereranso poyamba. Kafulumira panalibe.

"Palinso kena," ndinatero. "Kachikasu, ka diso lakuda."

A Namafunso anawerenga mapepala awo kawiri. "Zonse zimene anatipatsa ndi izi. Sitinataye ngakhale imodzi." Kenako anati, "Mnzathu wa mawu uja anatisiyira kaseti ya tsiku limenelo. Mwina yankho lili m'menemo. Koma ndi mawu a mayi anu. Mulimba mtima?"

Ndinaopa, sindinama. Kumva munthu amene tinamukwirira si chinthu chimene tinazolowera. Koma ndinavomera, ndipo tinakhala mu ofesi yawo. Poyamba kunamveka tambala wathu wofiira uja, kenako chifuwa chanu, kenako inu. Munkatchula nyemba imodziimodzi ngati mukuitana ana, kunena iyi imakonda pachulu, iyi sifuna madzi ambiri. Mantha aja a kabokosi anali atatha, mpaka munawaimbira nyimbo ya pamtondo. Ndiye chakumapeto munati:

"Izi tengani, mukaphunzirepo. Koma ndisakunamizeni, kamodzi ndachotsa. Kafulumira satuluka pakhomo pano. Kameneko n'ka Felesiya. Ndi wosamva, koma ndi amene adzadyetse anzake. Adzakapeza mumtsuko ndikadzapita."

A Namafunso anazimitsa kawailesi. Ndinalira kuposa tsiku la maliro, ndipo iwo anatseka chitseko kuti ophunzira odutsa asandione. Ndikuuzeni zoona, Amayi, ndinakukwiyiraninso. Mukanangosiya njere khumi m'manja mwa mayi uja, lero bwenzi ndikukuuzani nkhani ina. Koma pobwerera ndinadzifunsa kuti ndingakwiyire bwanji munthu amene anakhala pansi kusankha tinyemba timodzitimodzi chifukwa chondiganizira.

Anandipatsa pang'ono pa mtundu uliwonse. Ndisanatuluke mu ofesi ndinayala chitenje patebulo, n'kukhuthula timaenvulopu tonse pamodzi, n'kuvundula ndi dzanja. A Namafunso anagwira pakamwa n'kuti, "Ntchito yathu ya mwezi wathunthu." Kenako anaseka mpaka misozi, anati ndine mwana wanu ndithu.

Ndinabzala m'munda wa kuchulu, m'kati mwa chimanga, monga munkachitira. Sitinadye ngakhale nyemba imodzi, ndiwo tinkangothyola khwanya. Mvula ya chaka chino inali yokomera ina n'kuipira ina, kayera anavutika koma nanyati anabereka. Ndakolola malichero awiri.

Sabata yatha ndinakwera minibasi kupita ku Nathenje ndi nyemba m'kathumba. Amayi aang'ono atandiona anaimirira pakhomo n'kuyang'anitsitsa kathumbako. Nditamasula kathumba anakhala pansi n'kuphimba nkhope. Anati, "Ndinazindikira kuti ndi mbewu nditaswa kale dothi, mwanawe. Anthu anali kudikira, ndinachita manyazi kubweza." Ndiye kuti tonse awiri tinadziwa, tonse awiri tinaopa anthu. Tinalira, kenako tinaphika tiyi. Anandiuza kuti kuseri kwa Nkhoma, kumene agogo anabadwira, kuli asuweni anu amene mwina akadali nako kanyemba kaja. Sakutsimikiza. A Namafunso ati akamapita kumeneko mwezi wa Ogasiti kukafunsa mafunso awo, adzandidutsira ndi galimoto, ine ndikhale wowalozera makomo.

Munkakonda kunena kuti kupatsa n'kuika, mukamatumiza mbale kwa anansi. Pa mbewu pokha mwambiwo munkauiwala. Onani tsopano, Amayi. Zimene munapatsa alendo amene munkawakayikira ndi zimene zabwerera pakhomo panu. Zimene munandisungira ine, mwana wanu, ndinadya pa mbale imodzi ndikukulirani.

Choncho nyemba za chaka chino ndazigawa. Zina kwa Lusiya kuti adzasiyire Esitere, zina kwa amayi aang'ono, zina kwa amayi awiri a ku esiteti, ndipo zina ndabwezera ku koleji, zosakaniza, ndi chenjezo lakuti asazilekanitsenso. Mtsuko wanu ndaumata, uli kunsi kwa bedi langa, koma mbewu siili m'menemo mokha.

Ndikulonjeza kuti kafulumira ndimufuna mpaka miyendo itakana. Ndikakamupeza ndidzabwera kumanda kudzakuuzani. Koma mundikhululukire pasadakhale, chifukwa pamenepa sindikumverani: tsiku lomwe ndidzakolole, adzatuluka pakhomo pano.

Mupereke moni kwa abambo, muwauze kuti njinga yawo ikuyendabe. Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani kwambiri nthawi yobzala.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Felesiya